Makina a Apongozi Atatsala ndi Galu Yekha

M'mawa uliwonse apongozi anga akalowa m'chipinda cha kumbuyo kwa shopu, ankayamba ndi kupukuta makina awo opetera mabaji ndi kansanza kachikasu, uku akuwapatsa moni. "Mwadzuka bwanji, abambo? Chifuwa chija chili bwanji lero?" Akatero ankadontheza mafuta pamene pamayenda singano, n'kuyatsa makinawo, kenako kompyuta yomwe inali pakona. Kompyuta ikangoyaka, pakati pa sikirini pankatuluka kabokosi kodzaza ndi chizungu. Iwo sankakawerenga. Ankagwira mausi ndi zala ziwiri ngati agwira chinthu chonyowa, n'kudina kamtanda ka pamwamba.

"Choka, sindinakuitane."

Ine ndinkaona zimenezi ndili pampando wanga pafupi ndi zenera, mwana kumsana, sizasi m'manja. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa kabokosi kameneko ndi kamene kanawalanditsa makina awo, ndipo mpaka lero pali anthu amene amati olakwa ndi iwowo. Ndikamva zimenezo mtima umandiwawa, koma pakamwa panga sipachedwa kuuma pagulu. Ndiye bola ndilembe.

Shopuyo imasoka ndi kugulitsa mayunifolomu a masukulu, a alonda, a makwaya, a anamwino. Kutsogolo kuli kauntala ndi atsikana ogulitsa, pakati pali osoka, ndipo kumapeto kwenikweni, kudutsa makatoni a nsalu, kunali chipinda chathu. Ntchito yanga inali yodula timaulusi totsalira kumbuyo kwa baji ikachoka pa makina. Apongozi ndi amene anandipezera, bambo a mwana atayamba kuyendetsa mathiraki opita kutali. Anangoti, "Make mwana, kukhala pakhomo n'kumayang'ana foni kukudwalitsani. Mawa tipitira limodzi."

Pashopupo ankawatchula Mayi Singano, osati chifukwa cha ntchito yokha. Pakamwa pawo pankabaya. Mtsikana wa pa kauntala akabwera ndi oda yolembedwa mokhotakhota, ankamufunsa ngati walemba ndi dzanja kapena ndi phazi. Ine tsiku loyamba anandiuza kuti ndikugwira sizasi ngati ndikufuna kudula mpanda. Ndinakalirira kuseri kwa makatoni. Masana ake anandikankhira chakudya chawo chonse n'kunena kuti iwo alibe njala, chonsecho m'mimba mwawo munkalira moti mwana anatembenuka kuti aone. Ndi mmene analili. Kupepesa ndi pakamwa sankadziwa.

Anayambira pa makina opalasa ndi mapazi, pakhonde la sitolo ya munthu, kusoka zigamba ndi kufupikitsa mathalauza. Sukulu anasiyira panjira ngati ine ndemwe. Bwana wa shopu atagula makina opeta kwa munthu wina amene ankatseka bizinesi yake, amuna onse osoka anawaopa chifukwa cha mabatani. Wogulitsayo anakhala masiku ochepa akuphunzitsa, ndipo amene anapirira naye mpaka kumapeto anali apongozi okha. Anawaonetsa kuti chithunzi cha baji chimakhala mukompyuta, ndipo ukachikoka ndi mausi n'kuchiponya m'kafoda kenakake, chimayenda pawaya n'kukalowa m'makina. Polowetsa fulashi panalibe, ndi makina akale. Mutu wawonso ndi waung'ono. Akalandira chithunzi chatsopano amaiwala chakale, ndipo ukawazimitsa amaiwala chilichonse, mawa lake uwatumizirenso.

"Mwamuna weniweni," ankatero apongozi. "Ukamuuza lero, mawa ubwereze."

Zoti abambozo anayambitsa malemu apongozi aamuna. Ankadandaula kuti, "Mwamuna wako weniweni ndi uja wa ku shopu, ine ndine wongolondera nyumba." Iwo atamwalira dzinalo linatsala. Ndipo kunena zoona makinawo analeradi ana. Anaphunzitsa bambo a mwana wanga kuyendetsa galimoto, anaphunzitsanso mzime wa m'nyumbamo, mlamu wanga, mpaka anakhala katswiri wa makompyuta. Anzake amamutcha Wamawaya, chifukwa m'thumba mwake simusowa waya.

Mlamu wangayu anayamba kubwera kushopu nthawi imene munthu wina wakunja analowa m'makompyuta a kutsogolo kudzera pa intaneti n'kuwononga zinthu. Atsikana a pa kauntala anafika m'mawa n'kupeza palibe chimene chikutseguka. Bwana anatuluka thukuta ngati wathamangitsidwa. Apongozi anati, "Ndili ndi mwana amene amadziwa zimenezi," ndipo mlamu anabwera, anakonza, bwana n'kumupatsa udindo woyang'anira makompyuta onse. Tsiku limenelo anazungulira shopu yonse akulangiza anthu. Atafika kwathu anaima pakhomo, ine ndilipo, n'kunena kuti:

"Amayi, mundimvetsetse. Kabokosi kalikonse kakatuluka pa sikirini, musawerenge, musavomere, musayankhe. Ingodinani kamtanda."

"Nanga kakakhala kofunika?"

"Chofunika ndidzakuuzani ndi pakamwa."

Apongozi sankamvera munthu wamba, koma mwana wawoyu pa za makompyuta ankamumvera ngati dokotala. Kwa osoka ankadzitama naye mpaka anthu kutopa. Ndiye pamene kabokosi kaja kanayamba kutuluka m'mawa uliwonse, iwo anachita zimene anauzidwa. Miyezi inadutsa akudina kamtanda.

Linali Loweruka pamene zinachitika. Tinali ndi oda yaikulu ya kampani ina ya alonda, baji yake mutu wa galu wotsegula kukamwa, mano pamtunda, lilime lofiira. Apongozi anatumiza galuyo m'mawa, makina n'kuyamba kugogoda. Chakumasana mlamu analowa ndi chikwama chake.

"Alamu, mwaswera bwanji? Mwanayu makutu ake ngati anga, achimwene akudziwa?"

Ine ndinangoyang'ana pansi, nkhope yonse kutentha. Apongozi anamuponyera bobini yopanda ulusi.

"Siya mkazi wa mwini. Ukufuna chiyani kuno?"

"Ndibwerekeni mpando pang'ono, ndiike pulogalamu yatsopano. Kutsogolo ndamaliza, kwatsala kuno."

"Usandisokonezere abambo."

"Abambo anu sindiwakhudza n'komwe."

Anakhala pamenepo akuimba kaluzu, kompyuta inazima n'kuyakanso, iye n'kunyamuka kupita kukacheza ndi atsikana a pa kauntala. Makina ankapitiriza galu wawo osadziwa kanthu.

Dzuwa litapendeka apongozi anafuna kupumitsa galu kuti apete kaye nkhunda za kwaya ina, chifukwa mayi wotsogolera kwayayo anali atabwera kale kawiri kudzakumbutsa. Anakoka nkhunda n'kuiponya m'kafoda. Palibe chinachitika. Anabwereza. Panatuluka mawu ofiira. Anagwedeza waya, anauzira mausi, anabwerezanso. Kenako anakuwa dzina la mwana wawo moti osoka onse anaimitsa mapazi.

Mlamu anabwera akuseka. Anaweramira pa sikirini, anatsegula apa, anatsegula apo. Ine ndinkamuyang'ana kumbali, ndipo ndinaona kuseka kuja kukutha pang'onopang'ono ngati madzi pa simenti yotentha.

"Amayi, makinawa amalandira zithunzi kudzera njira yakale ija?"

"Njira yakale iti? Ine ndimadziwa njira imodzi."

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Ndikuuze chiyani? Unandifunsa?"

"Ndinafunsa! Miyezi yonseyi! Ndinalemba uthenga kuti uzituluka pa kompyuta iliyonse muno, kuti amene amagwiritsa ntchito njira yakale yotumizira mafayilo andiuze ndisanaichotse. Palibe anayankha."

Apongozi anaika mausi pansi bwinobwino.

"Kabokosi kaja ndi iwe?"

"Eya."

"Kaja ka m'mawa?"

"Eya, Amayi."

"Unandiuza chiyani za timabokosi?"

M'chipindamo munkangomveka singano ikubaya lilime la galu.

Pambuyo pake anandifotokozera bwino, chifukwa ine ndinamufunsa tili awiri. Anati kompyuta ili ngati nyumba ya makomo ambiri, ndipo pali pulogalamu imodzi yaikulu imene imayendetsa nyumba yonseyo. Njira yakale ija ndi khomo limene linamangidwa nthawi imene akuba a pa intaneti anali ochepa. Mawu achinsinsi otsegulira khomolo amayenda poyera, ngati munthu akukuwira mnzake kutsidya la msewu kuti kiyi wamusiya pansi pa mphasa. Anthu amene amapanga pulogalamu yaikuluyo akuti anakangana nthawi yaitali, ena akuti chotsani, ena akuti siyani pali ogwiritsa ntchito. Mapeto ake yatsopano inabwera khomolo mulibe, wofuna azidziikira yekha. Iye anaganiza kuti makina a amayi ake ali ndi njira yawoyawo, popeza anawalumikiza munthu wina kalekale, iye ali mwana wasukulu.

Sindikunena kuti ananama. Khomo lopanda loko inenso sindingagone nalo. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti munthuyu amakhala nyumba imodzi ndi amayi ake. Amadya chakudya chimene iwo aphika. Malaya amene anavala tsikulo mabatani ake anasokerera ndi iwo. M'mawa amakwera basi imodzi, mpando umodzi, iye maso pa foni. Miyezi yonseyo analephera kutembenuka n'kunena kuti, "Amayi, kodi zithunzi zanu zija zimayenda bwanji?" Anasankha kufunsa mayi ake omubereka kudzera m'kabokosi, m'chizungu, atawaletsa yekha kuwerenga timabokosi. Ndipo palibe atayankha anati ndiye kuti palibe wogwiritsa ntchito. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndi wina, wodya phula ndi wina.

Tsiku lomwelo apongozi anamuuza kuti, "Bwezera pompano."

"Kubwezera ndingabwezere, koma kompyuta iyi ndi yolumikizana ndi za kutsogolo, kumene makasitomala amalipirira ndi makhadi. Sindingatsegule khomo limene ndatseka mwini nyumba asakudziwa. Pali njira yabwino. Mu sitolo yathu yosungira katundu muli kompyuta yakale, ndiiyika pano, waya umodzi wopita kwa abambo anu basi, intaneti ayi. Wakuba alibe polowera. Ndingouza abwana Lolemba."

"Lolemba! Nanga lero ndizimitse?"

Anayang'anizana. Onse ankadziwa kuti makinawo akazima, galu apita, ndipo palibe china chingalowe.

Apongozi sanazimitse. Anatenga tepi yomatira makatoni n'kumata swichi ya pakhoma, anamanga kansalu kofiira pa pulagi, anakoka mpando wawo n'kuuika kutsogolo kwa soketi. Anaitana mlonda wa pashopu n'kumuuza kuti akadzangokhudza pamenepo adzamusokerera milomo. Ndili kumanga mwana kuti tizipita, ndinawafunsa chapansipansi ngati kusiya makina oyaka sikuwawononga.

"Make mwana, makina olira satayidwa. Akangokhala chete, ndi chitsulo. Abwana aja ndimawadziwa."

Lolemba bwana anati ali otanganidwa. Tsiku lotsatira anati aganizire kaye. Sabata inatha, ina inayamba. Ife kumbuyo kunali galu yekhayekha. Mayi wa kwaya uja anabwera yekha mpaka m'chipinda chathu, chikwama pamkono.

"Mayi, nkhunda zathu zili pati? Tikaimba Lamulungu."

"Nkhunda zauluka. Alipo ndi galu."

"Galu? Pachifuwa cha oimba nyimbo za Mulungu?"

"Nanga si nayenso ndi cholengedwa? Taonani, watsegula kale kukamwa. Besi ameneyu."

Osoka anaseka mpaka wina anadzibaya. Mayiyo sanaseke, anapita kwa bwana. Aphunzitsi aakulu a sukulu ina, amene ankafuna baji ya buku ndi nyali, nawonso anapita kwa bwana. Atsikana a pa kauntala anayamba kuuwa apongozi akamadutsa. Iwo ankayankha kuti, "Uwani bwino ana anga, mwina mupeza amuna," koma akalowa m'chipinda ndinkawaona akuphonya polowetsa ulusi pa singano, ntchito imene ankaichita osayang'ana.

Tsiku lina masana magetsi anazima. Shopu ili ndi batire lalikulu limene limagwirizira zikatero, ndipo likayamba kutopa limalira. Litangolira apongozi anadzambatuka. Sindinawaonepo akuthamanga, ndi miyendo yawo yotupa ija, koma tsikulo anathamanga. Anazula ketulo ya osoka, anazula fani ya pa kauntala, anazula mafoni onse amene anali pa chaji n'kuwaunjika m'manja mwa eni ake. Analowa mpaka mu ofesi ya bwana osagogoda n'kuzula kafiriji kawo. Kenako anabwerera n'kudzaima pafupi ndi makina, dzanja pamwamba pawo, akuyang'ana kanyali kobiriwira. Magetsi atayaka anakhala pansi, pa simenti, osati pampando.

Mwina kafiriji kaja ndi kamene kanafulumizitsa nkhani, chifukwa mawa lake bwana anatiitana. Ndikuti anatiitana ngakhale ine sanandiitane. Apongozi anandisenzetsa katoni ya mabaji akale oti aonetse, ndipo ndinaima pakhomo. Bwana anali kuseri kwa tebulo, mlamu anakhala pampando wa alendo, apongozi anakana kukhala.

Mlamu ndi amene anayamba. Anafotokoza za kompyuta yakale ya mu sitolo, waya umodzi, intaneti ayi. Anati ndi ntchito yoti angaimalize tiyi asanazizire. Bwana ankamvetsera akuzungulitsa cholembera.

"Achimwene, si inu munandiuza kuti njira imeneyi ndi yoopsa?"

"Ndi ine, bwana, koma ikakhala payokha…"

"Munati ndi khomo lopanda loko. Munati amene akuisungabe akuitana akuba. Munati zinthu zakale tizilola zipite. Ndinakumverani. Lero lilime latembenuka chifukwa ndi amayi anu?"

"Sikuti latembenuka. Ndikunena kuti pali njira yoti…"

"Nanga kompyuta yakaleyo ikafa mawa? Mudzati tipeze ina yakale. Makinawo akafa? Zipangizo zake zikupezeka kuti? Ine ndizisunga shopu kapena nyumba yosungira zakale?"

Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Apongozi anatenga katoni m'manja mwanga n'kuikhuthulira patebulo, mabaji a zaka zonse, mikango, nyenyezi, mabuku, mitanda.

"Bwana, zonsezi zinadutsa pakhomo lomwelo. Wakuba wake ndi uti amene munamuona atavala baji?"

"Mayi, palibe akunyoza ntchito yanu."

"Ndiye ndipatseni waya wanga. Sindikupempha nyumba. Waya."

Bwana anatsegula dirowa n'kutulutsa malaya a sukulu. Pachifuwa pake panali baji ya buku ndi nyali, koma yosapeta. Inali yomata, yosalala ngati pepala la switi. Anati pali makina ena ongodinda ndi moto, baji imamatirira pomwepo, chithunzi chilichonse, mtundu uliwonse, mwana aliyense angathe.

Apongozi anatenga malayawo n'kukanda bajiyo ndi chikhadabo. Sinachoke. Anaikoka, anaipinda, anaikandanso pakona. Ine mumtima ndinkapemphera kuti isupuke ngakhale pang'ono. Sinasupuke.

"Idzachoka ikachapidwa."

"Ndachapitsa kale kunyumba, Mayi. Kangapo."

Anati kangapo. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira katoni yaikulu imene inali mu sitolo, yofunditsidwa nsalu, kuseri kwa mipukutu ya khaki. Ndinkaiona ndikamakatenga ulusi, Loweruka lija lisanafike n'komwe. Ndiye kuti makina omatawo anagulidwa kale, malaya anachapidwa kale, chimene chinkasowa ndi chifukwa chokha. Munthu wagwira ntchito kuyambira tsitsi lili lakuda, sungamuuze kuti pita popanda chonamizira. Ndipo chonamiziracho anabwera nacho mwana wake yemwe, m'chikwama, akuimba kaluzu. Bwana sanachite kudetsa manja. Ndinafuna kunena zimenezi. Mawu anafika pakhosi, mwana anayamba kulira, ndipo bwana anandiyang'ana ngati akudabwa kuti katoni yatsala ndi miyendo. Ndinatuluka kukamutonthoza.

Chigamulo ndinachimvera panja. Amalize oda ya alonda, kenako makina apite, pali munthu amene akuwafuna kuti akaphwasule atengemo zitsulo. Apongozi ngati akufuna atsale azidinda zomata.

"Ine ndikhale wosita?" Mawu awo anamveka mpaka ku kauntala. "Ndayamba ndi singano ndimalize ndi simbi?"

Kunyumba zinthu zinasintha. Apongozi sanasiye kumuphikira mwana wawo, ndipo mbale yake ankaidzaza kuposa kale, koma kulankhula naye analeka. Zonse zinkadzera mwa ine. "Make mwana, muuzeni mlamu wanu kuti madzi atentha." "Make mwana, mufunseni mlamu wanu ngati nsapato izi zili pakhomo zikudikira wantchito." Iye ali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene akhala. Lamulungu masana anagwada pafupi ndi mpando wawo, munthu wamkulu ndevu zake.

"Amayi, ndinalakwa. Ndapita kwa abwana kukapempha kuti atigulitse ifeyo makinawo, tiwaike kuno. Akuti analonjeza kale munthu."

Apongozi ankasenda nyemba. Sanadzutse mutu.

"Make mwana, muuzeni mlamu wanu kuti kugwada kumatha mawondo a thalauza, ndipo wosoka zigamba anapuma."

Mlamu anadzuka n'kutuluka. Ndinamumvera chisoni, sindikana. Koma chisoni changa chinkathera panjira ndikakumbukira kuti pamene anali ndi mpata wofunsa sanafunse, ndipo pamene anali ndi mpata wobwezera Loweruka lomwe lija, anasankha kudikira chilolezo cha munthu amene anali ndi katoni mu sitolo. Iye amati anachita zoyenera, ndipo mwina m'mabuku awo ndi zoyeneradi. Anzake a makompyuta amene amabwera kunyumba amati vuto ndi anthu osawerenga mauthenga. Amanena zimenezi atakhala pa mipando ya apongozi, akumwa tiyi wa apongozi. Wina anachita kunena kuti dziko silingaime chifukwa cha makina amodzi. Ndani anati dziko liime? Ife timati munthu afunsidwe. Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko, koma awa anatseka chitseko osaona ngati m'nyumba muli wodwala.

Oda ya alonda apongozi anaikoka ngati chingamu. Ankachepetsa liwiro la makina. Baji yabwinobwino ankaiyang'ana pa zenera n'kunena kuti diso la galu lapendama, n'kundipatsa kuti ndiphwasule. Ine ndinkaphwasula, ngakhale diso linali lowongoka. Koma malaya a alonda ali ndi mapeto. Atatha, anayamba kupeta pa zidutswa za nsalu. Anapeta pa epuloni yawo, pa thumba langa la matewera, pa kachipewa ka mwana. Mpaka pano mwana wanga akavala kachipewako anthu mu basi amafunsa ngati bambo ake ndi mlonda. Nthawi yonseyi kutsogolo makina omata anali atatuluka m'katoni, mtsikana wa pa kauntala akudinda nkhunda, fungo la pulasitiki wotentha likufika mpaka kwathu.

Pano apongozi ali kunyumba. Kushopu sanapondekonso, ndipo akakhala mu basi yodutsa msewu umenewo amayang'ana mbali inayo. Amalera mdzukulu wawo ine ndikapita kuntchito, chifukwa ine ndinatsala, ndimapinda malaya. Ndi mwana wawo anayambanso kulankhulana, za mchere, za magetsi, za mvula. Koma kupempha kanthu kwa iye kapena kwa wina aliyense analeka. Ulusi ukakana kulowa pa singano amalimbana nawo okha mpaka maso kutuluka misozi, ine ndili pomwepo.

Tsiku lomaliza la makinawo pashopu linali m'mawa wa dzuwa. Wogula zitsulo anabwera ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo ndi amuna onyamula. Mlamu sanabwere, anati ali ndi ntchito kwina. Apongozi anali atafika kale, atavala diresi yawo yabwino, ndipo makina ankagogoda pa kachidutswa kabuluu. Bwana anaima pakhomo, manja m'matumba.

"Mayi, anthuwa ali ndi kwina kopita."

"Amalize kaye khutu."

Tinadikira khutu. Singano itaima, apongozi anachotsa nsalu pa felemu n'kundipatsa kuti ndidule timaulusi. Mmodzi wa onyamula aja, bambo wamtali wovala ovolosi, anapita pakhoma n'kuyamba kumatula tepi ya pa swichi.

"Achimwene, chotsani dzanja pamenepo."

Bamboyo anayang'ana bwana. Bwana anapumira m'mwamba.

"Mayi, tinagwirizana."

"Sindikukana. Atenge. Koma uyu sindikumudziwa, ndipo abambo sakumudziwa." Anakoka mpando wawo n'kukhala kutsogolo kwa soketi, anayala diresi pa mawondo, kenako anatembenukira kwa ine. Aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso tsiku limenelo. "Make mwana, tengani foni. Muimbireni mlamu wanu, kulikonse kumene wabisala. Mumuuze kuti amayi ake akumupempha chinthu chimodzi. Abwere adzazimitse yekha, ndi dzanja lake, ine ndikuona."